Kudzutsa makina akale opalira matabwa: musathamangire kugula mota

Funso: Ndine kalipentala pa Santhe m'boma la Kasungu. Chaka chino ndagula makina akale opalira matabwa ku esiteti ina ya fodya imene inaleka ntchito. Pathupi pake palembedwa dzina lakuti Wadkin, ndipo amalandira thabwa lotambalala mainchesi 12. Anakhala m'shedi zaka zambiri, moti tebulo lake lachita dzimbiri. Ndawalumikiza ku magetsi ndipo akulira, koma thabwa limaima pakati mpaka tilikankhe anthu awiri, ndipo likatuluka limakhala lokumbika kunsonga zonse ziwiri, lochindikala mbali imodzi, komanso lili ndi timafunde pamwamba. Anzanga akuti mota ndi yofooka, ndigule yaikulu. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Bambo, ndalama ya mota muisunge kaye. Mwatchula mavuto anayi, ndipo palibe ngakhale limodzi limene lingathe chifukwa chosintha mota. Mota yofooka imadziwika ndi kamvekedwe kake: thabwa likalowa, kulira kwa makina kumatsika ngati chigayo chimene chatsamwa ndi chimanga, ndipo mipeni imayamba kuzungulira pang'onopang'ono. Ngati mipeni yanu ikupitiriza kuzungulira mwamphamvu pamene thabwa laima, ndiye kuti mphamvu ilipo yokwanira, koma pali chitsulo chimene chikutsekereza thabwalo kapena rola (chitsulo chozungulira chokoka thabwa) imene sikuligwira. Ndinaonapo shopu ina kumene anaika mota yaikulu kawiri kuposa yoyamba pa vuto longa lanuli; chimene anapeza ndi fungo la malamba onyeka, ndipo thabwa linkaimabe pamalo omwewo.

Makina amene mwagulawa ndi a kampani ya ku Leicester ku England, imene inayamba mu 1897, ndipo anapangidwa ndi chitsulo cholemera chothiridwa m'chikombole, chimene amisiri amachitcha cast iron. Makina otere sakalamba msanga, koma amafuna kuti zigawo zake ziikidwe molondola, ndipo zonse zimayezedwa kuchokera pa chinthu chimodzi: pamene nsonga ya mpeni imafika ikakhala pansi penipeni pa kuzungulira kwake. Malo amenewo ndiwo amadula thabwa, ndipo marola, zitsulo zopsinja thabwa ndi tebulo zimaikidwa potengera malo omwewo. Munthu akayamba kumanga masipuling'i kapena kukweza marola asanaike bwino mipeni, amakhala akuyeza kuchokera pa chinthu chimene chisunthe mawa, ndipo ntchito yonse adzaibwereza.

Musanagwire sipanala, zimitsani magetsi pa swichi yaikulu ndipo muchotse mafyuzi n'kuwaika m'thumba mwanu, kuti wophunzira ntchito kapena mlendo asayatse pamene dzanja lanu lili pa mipeni. Kenako tsegulani chivundikiro muone mutu umene umanyamula mipeni. Ngati ndi wozungulira ngati mpope, pitirizani. Ngati ndi wa ngodya zinayi, wokhala ndi mipeni yomangidwa panja ndi mabawuti akuluakulu, ndiye kuti makinawo ndi akale kwambiri, ndipo mutu wotero ndi woopsa. Ku Britain komweko unaletsedwa kalekale pa makina amene munthu amakankhira thabwa ndi manja pamwamba pa mipeni. Ine sindilola wophunzira wanga kuyandikira mutu wotero. Yang'ananinso ming'alu pathupi la makina, makamaka pamene pamakhala mabering'i ndi pamakutu pamene pamagwira marola. Cast iron ikang'aluka siwotchereredwa ndi ndodo wamba zimene timawotcherera nazo mageti. Imafuna ndodo za nickel ndi kutenthetsa chitsulo pang'onopang'ono, ndipo mng'alu wa panyumba ya bering'i ya mutu wa mipeni sindiukhulupirira ngakhale utawotchereredwa bwino.

Pali chinthu china chimene chawononga makina ambiri a ku England m'dziko muno, ndicho masipanala. Makina akale ambiri a kumeneko ali ndi mabawuti a mtundu wa Whitworth, muyeso umene Joseph Whitworth anaukhazikitsa mu 1841, ndipo mitu yake sigwirizana bwino ndi masipanala a mamilimita amene amapezeka m'mahadiweya athu. Sipanala ikamagwira mogwedera, musaikakamize, chifukwa mukadya ngodya za bawuti ya mpeni mudzavutika kuimasula, ndipo ina yofanana nayo simudzaipeza pa Kasungu. Funsani amakaniko achikulire amene ankakonza mathirakitala ndi ma Land Rover akale a m'maesiteti, popeza ambiri akadali nawo masipanala amenewa. Bawuti iliyonse imene mwamasula muisunge m'chitini chake, ndipo mujambule chigawo chilichonse ndi foni musanachiphwasule.

Dzimbiri la patebulo lisakuopseni. Thirani parafini, mumusiye alowerere usiku wonse, ndipo m'mawa mupale dzimbiri lochindikala ndi chitsulo chathyathyathya, kenako mukweche ndi sandipepa wa nambala 220 wokulungidwa pa kathabwa kosalala, n'kumalizira ndi wa 400. Musagwiritse ntchito gulayinda ngakhale pang'ono. Gulayinda imawalitsa tebulo m'mphindi zochepa koma imasiya maenje amene maso saona, ndipo tebulo likasiya kukhala lathyathyathya palibe chimene mungasinthe pa marola kuti thabwa lituluke lolingana. Timadontho takuda timene dzimbiri lasiya tilibe vuto. Mukamaliza, pukutani parafini yense ndipo mupake phula la kandulo kapena polishi wa pansi, n'kupukuta mpaka dzanja liziterera. Oyilo wa galimoto musamupake patebulo, chifukwa amalowa m'thabwa ndipo vanishi sagwira pamene walowapo. Ndikukayikira kuti theka la vuto lanu la thabwa loima lili pomwepa, popeza rola yaing'ono singakoke thabwa limene likukhuzidwa pa dzimbiri. Rola ya mano imene ili polowera muitsuke ndi bulashi ya waya ndi parafini mpaka mano onse aoneke; paini wa ku Chikangawa amasiya utomoni umene umasakanikirana ndi utuchi n'kudzaza mipata ya manowo, ndipo rola yotero imangoterereka pamwamba pa thabwa.

Tsopano vulani malamba ndipo muzungulitse mutu wa mipeni ndi dzanja, mutavala magolovesi achikopa. Uyenera kuyenda mosalala, mopanda kukhuluza kapena kugwira malo ena. Lowetsani kamtengo pansi pake n'kuyesa kuunyamula kumbali iliyonse. Mukamva kugogoda ngakhale kochepa, mabering'i atha, ndipo ndiwo angakhale akubweretsa timafunde mwatchula tija. Girizi amene wakhala zaka zambiri amauma ngati sopo, choncho ngakhale mabering'i atamveka bwino ayenera kutsukidwa ndi kuikidwa girizi watsopano, wosapitirira theka la malo ake, popeza girizi wochuluka amatenthetsa bering'i yothamanga. Ngati mukusintha, tengani bering'i yakaleyo m'manja popita nayo ku Lilongwe, chifukwa makina ena akale ali ndi mabering'i a muyeso wa mainchesi, ndipo wogulitsa akhoza kukupatsani ya mamilimita yooneka ngati yofanana koma yosiyana pang'ono. Poika yatsopano, musamenye mphete yakunja kuti yamkati ilowe pashafiti. Itenthetseni m'oyilo pafupifupi madigiri 90 ndipo idzalowa yokha. M'bokosi la magiya khuthulani oyilo wakale, ndipo mukaona giya ya mkuwa m'kati mwake mufunse oyilo amene sadya mkuwa, chifukwa mafuta ena a difu ya galimoto amaudya pang'onopang'ono.

Mota muione, koma osati pa chifukwa chimene anzanu anena. Werengani kachitsulo kolembedwa pathupi pake. Magetsi athu ndi a 50 Hz, 230 V pa gawo limodzi (single phase) ndi 400 V pa magawo atatu (three phase), ndipo pa magetsi amenewa mota zambiri zimazungulira pafupifupi ka 1,440 kapena ka 2,850 pa mphindi. M'zaka zonsezi mwina wina anasinthapo mota osasintha mapule (magudumu amene malamba amayendapo), ndipo zikatero mutu wa mipeni umathamanga theka la liwiro lake kapena kuwirikiza kawiri, chimene chili choopsa kwambiri. Kuwerengera kwake n'kosavuta: chulukitsani liwiro la mota ndi kukula kwa pule yake, kenako mugawe ndi kukula kwa pule ya pamutu wa mipeni. Mwachitsanzo, mota ya 2,850 yokhala ndi pule ya mamilimita 150, yokoka pule ya mamilimita 95, imapereka 4,500, ndipo makina a msinkhu wa anuwa amafuna pakati pa 4,000 ndi 5,000. Kuwerengera komweku kumagwiranso ntchito kwa amene amayendetsa makina ndi injini ya dizilo ngati ya chigayo. Mota ya mahatchi atatu kapena anayi ndi yokwanira pa mainchesi 12. Chimene ndikupemphani kuti mugule ndi sitata (bokosi loyatsira ndi kuzimitsira mota) yokhala ndi chotetezera mota ndiponso yodzizimitsa yokha magetsi akathima. Kuno magetsi amapita ndi kubwera mosalaula, ndipo makina olumikizidwa pa swichi wamba amadzuka okha magetsi akabwerera, mwina pamene munthu akuchotsa utuchi ndi dzanja. Komanso gawo limodzi mwa atatu aja likasowa, mota yopanda chitetezo imapsa m'kanthawi kochepa.

Zonsezi zikatha, mwafika pa ntchito yeniyeni, ndipo apa mufunika zida zoyezera zitatu zokha: rula yachitsulo yowongoka, filageji (timalata topyapyala toyezera mipata), imene amakaniko amayezera mavalavu, ndi kachipika ka mtengo wouma wolimba monga muwanga kapena mlombwa, kotalika pafupifupi mamilimita 100, kosalala bwino pansi ndi pamwamba, ndipo pamwamba pake pakhale popapatiza ngati chala kuti kazilowa pakati pa zitsulo. Amene ali ndi dial gauge (choyezera chokhala ndi muvi ngati wa wotchi) ntchito imamufulumira, koma kachipika n'kokwanira. Ngati filageji palibe, pepala loyera lolembapo ndi lochindikala pafupifupi mamilimita 0.1, ndipo chitini cha chakumwa chodulidwa ndi sizasi chili pafupi ndi muyeso womwewo.

Yambani ndi tebulo. Tsitsani marola ang'onoang'ono a m'tebulo kuti abisale pansi, kuti kachipika kakhale pa chitsulo cha tebulo lenilenilo. Gonekani rula yachitsulo yowongoka mopingasa ndipo muone ngati pakati pali mpata, chifukwa anthu ambiri amalowetsa matabwa pakati pokha ndipo patapita zaka tebulo limadyeka pamenepo. Mpata wa mamilimita 0.1 ine sindiudandaula, ukapitirira 0.3, matabwa otambalala adzatuluka otupa pakati, ndipo mankhwala ake ndi kupita nalo tebulo ku shopu ya zitsulo kuti akalipale ndi makina. Kenako gwirani tebulo kutsogolo ndi kuligwedeza m'mwamba ndi pansi. Likamagwedera, mangani pang'onopang'ono timabawuti ta m'mbali mwa njira zimene limakweramo, mpaka kugwedera kuthe koma gudumu lokwezera lizizungulirabe ndi dzanja limodzi. Tebulo logwedera limapendekeka thabwa likamalowa ndi potuluka, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zimakumba nsonga. Pomaliza, ikani kachipika pansi pa thupi la mutu wa mipeni, pamalo opanda mpeni, kumanzere, n'kukweza tebulo mpaka filageji ilowe mokhuza; sunthirani kachipika kumanja osagwira gudumu, ndipo filageji yomweyo ilowe mofanana. Ikasiyana, ndicho chifukwa chake thabwa lanu likuchindikala mbali imodzi. Pa makina amene tebulo limakwera ndi zokwezera ziwiri za mano zolumikizidwa ndi tcheni kapena magiya, mumamasula mbali imodzi n'kuizungulitsa yokha mpaka zilingane. Pa amene ali ndi chokwezera chimodzi pakati, mumakonza pa njira za m'mbali zija kapena kuika timapepala tachitsulo pansi pa nyumba ya bering'i. Nthawi zonse muyeso womaliza muufike mukukweza tebulo, osati mukutsitsa, chifukwa mano a chokwezera chakale amakhala ndi mpata.

Pa mipeni ndikhalapo pang'ono, popeza ndi pamene pali ubwino wa ntchito komanso ngozi. Chotsani mipeni, zitsulo zoipanira ndi mabawuti, ndipo mutsuke mphako zimene imakhalamo mpaka musapezeke utomoni kapena dzimbiri, chifukwa mpeni wokhala pa zinyalala umaoneka womangika lero koma umamasuka zinyalalazo zikaphwanyika. Mipeni inoledwe pa makina owongoka okhala ndi madzi oziziritsa, pa ngodya ya madigiri 35 mpaka 40. Wonola ndi gulayinda ya m'manja amasiya mpeni wopindika ndipo amautentha mpaka usanduke wobiriwira kunsonga. Pamene pasintha mtundu pafewa, ndipo padzabuntha pa thabwa loyamba. Mukainola muiyeze pa sikelo yaing'ono, chifukwa mipeni yoyang'anizana iyenera kulemera mofanana. Kusiyana kwa magalamu ochepa pa liwiro la 4,500 kumanjenjemeretsa makina onse ndi kupha mabering'i atsopano. Mpeni umene wanoledwa kambiri mpaka chitsulo chopanira chikungogwira m'mphepete muutaye. Ndamvanso za ena amene amasula mipeni kuchokera ku sipuling'i ya galimoto pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ndikuchondererani kuti musayese, popeza mpeni ukathyoka pa liwiro limeneli umaboola malata a denga, ndipo munthu woima pafupi alibe nthawi yozinda. Mabawuti opanira amene mano ake atha kapena mitu yadyeka apangidwe atsopano ndi chitsulo cholimba, osati ogula pamsika.

Poika, mpeni utuluke pafupifupi milimita imodzi pamwamba pa thupi la mutu, ndipo usapitirire imodzi ndi theka. Ngati chida choikira mipeni chimene chinabwera ndi makina chikadalipo m'shedi muja, kachifufuzeni, chifukwa chimapereka muyeso wa wopanga. Chofunika kwambiri n'chakuti mipeni yonse ituluke mofanana, kumanzere, pakati ndi kumanja, mosasiyana kuposa theka la kuchindikala kwa pepala. Taganizirani mutu wa mipeni iwiri wozungulira ka 4,500 pa mphindi: umadula ka 9,000, ndipo ngati thabwa likuyenda mamita 9 pa mphindi, kudula kulikonse kumatenga milimita imodzi, moti timizere take sitioneka. Mpeni umodzi ukakwera pang'ono kuposa unzake, ndi wokhawo umene umasiya chizindikiro, timizere timatalikirana mamilimita awiri n'kuoneka ngati timafunde, ndipo mpeni wokwerawo umabuntha msanga pamene unzakewo ukungozungulira. Mangani mabawuti kuyambira pakati kupita kunja, poyamba mopepuka pa mipeni yonse, kenako muyezenso, chifukwa mpeni umakonda kukwera pamene ukupanidwa, ndipo pomaliza mumange molimba ndi sipanala yokha popanda kuwonjezera paipi.

Mipeni ikakhazikika, zotsalazo zimayenda mofulumira. Thabwa likamalowa limakumana ndi rola ya mano, kenako chitsulo chopsinja chakutsogolo chimene chimathyola zopalidwa kuti mtengo usang'ambike, kenako mipeni, kenako chitsulo chopsinja chakumbuyo, ndipo pomaliza rola yosalala yotulutsa. Ikani kachipika pansi pa mutu, muikepo filageji ya mamilimita 0.8 pamwamba pake, ndipo mukweze tebulo mpaka nsonga ya mpeni, ili pansi penipeni, ingokhudza filagejiyo mukamagwedeza mutu uku ndi uku. Mangani tebulo pamenepo ndipo gudumu musaligwirenso. Chotsani filageji, sunthirani kachipika pansi pa rola ya mano, ndipo musinthe timabawuti timene rolayo imatsamira mpaka ingokhudza kachipikako, mbali zonse ziwiri. Mukatero rola ili mamilimita 0.8 pansi pa mipeni, umene ndi muyeso wabwino woyambira pa makina ambiri a mtundu umenewu. Chitsulo chopsinja chakutsogolo muchiike pa muyeso womwewo, ndipo rola yotulutsa ikhale pakati pa 0.5 ndi 0.8. Mukapeza buku la makinawa, manambala ake apose anga.

Chitsulo chopsinja chakumbuyo ndicho ndikuchikayikira kwambiri pa vuto lanu, ndipo ndicho amisiri ambiri sachiyang'ana chifukwa chimabisala kuseri kwa mutu. Chimenechi chimapsinja mbali imene yapalidwa kale, choncho chiyenera kulingana ndi nsonga ya mpeni, kapena kukwera pamwamba pake pang'ono kwambiri, mochepera theka la pepala. Chikatsika, thabwa limagunda mlomo wake n'kuima, ndipo mungalikankhe anthu awiri monga mwanenera. Chikakwera kwambiri, thabwa limavina pansi pa mipeni, timafunde timabwera, ndipo nsonga yomaliza imanyamuka n'kukumbidwa. Pamene thabwa likuima pamakuuzani chimene chalakwa: likakana kulowa, yang'anani rola ya mano ndi chitsulo chakutsogolo, likalowa masentimita ochepa, mipeni n'kuyamba kudula, kenako n'kuima, ndi chitsulo chakumbuyochi. Dziwaninso kuti mipeni ikamabuntha imafupika, thabwa limatuluka lochindikala pang'ono kuposa kale, ndipo limayamba kugunda chitsulo chimene dzulo linkadutsa bwino. N'chifukwa chake makina amene ankayenda bwino amayamba kutsamwa mipeni ikatopa, ndipo n'chifukwa chakenso chitsulochi chiyenera kuyezedwa nthawi iliyonse imene mwasintha mipeni.

Marola a m'tebulo aja tsopano muwakweze, koma pang'ono. Pa matabwa ouma ndi osalala, atuluke mamilimita 0.05 mpaka 0.1 pamwamba pa tebulo. Pa matabwa okhakhala kapena a chinyezi angafike 0.3. Amisiri ambiri thabwa likaima amathamangira kukweza marola amenewa, ndipo thabwa limayendadi, koma nsonga yake imagwa ndi kukwera podutsa pa rola iliyonse, ndipo ndiko kukumbika kumene mukuona kumbali zonse ziwiri. Yezani kutalika kwa malo okumbikawo ndipo muyerekeze ndi mtunda wochokera pa mipeni kufika pa rola. Mudzapeza kuti n'zofanana. Masipuling'i a marola apamwamba muwamange mofanana mbali zonse, mongokwanira kuti thabwa liyende, chifukwa omangitsa amadinda mano pa mtengo wofewa monga malaina ndi paini, ndipo akasiyana mphamvu thabwa limakhotera mbali imodzi. Sipuling'i yothyoka kapena yofupika kuposa inzake isinthidwe pamodzi ndi inzakeyo. Ngati makina anu ali ndi timano tolendewera polowera, toletsa thabwa kubwerera m'mbuyo, titsukeni mpaka kalikonse kazigwa kokha mukakanyamula; ena amatichotsa ati timasokoneza, koma ndito timaimitsa thabwa limene likanamenya munthu pamimba.

Pali zinthu zina zimene makina sangakonze ngakhale ataikidwa bwino chotani. Makina amenewa amalinganiza kuchindikala, sawongola thabwa. Lopindika kapena lopotoka limapsinjidwa ndi marola, limapalidwa, ndipo likatuluka limabwerera m'mene linalili. Mbali imodzi iyambe yawongoledwa pa makina owongolera kapena ndi puleni ya m'manja, ndipo mbali yowongokayo ndiyo igone patebulo. Matabwa ocheka ndi sowo pamanja, amene ndi ochuluka kwathu kuno, amasiyana kuchindikala ngakhale m'thabwa limodzi, choncho muyeze pamalo ochindikala kwambiri poika tebulo, ndipo musalowetse awiri osiyana nthawi imodzi pansi pa rola yathunthu, popeza rolayo imakwera pa lochindikala n'kusiya lopyapyalalo lopanda choligwira, ndipo mipeni imaliponya kumbuyo. Matabwa amene agona pansi pa dothi la mchenga muwakweche ndi bulashi ya waya musanawalowetse, chifukwa mchenga umabunthitsa mipeni kuposa mtengo wolimba uliwonse, ndipo a m'madenga akale muwafufuze misomali. Pa mlombwa kapena mbawa yotambalala musadule kopitirira mamilimita awiri pa ulendo umodzi, ndipo ulendo womaliza ukhale wa milimita imodzi, wosachepera kwambiri, kuti zidindo za mano a rola zichoke. Mbawa kawirikawiri imakhala ndi mitsempha yopingasana imene imang'ambika mbali iliyonse imene mungalowetsere, ndipo imafuna mipeni yakuthwa kumene ndi liwiro lochepa la marola. Chidutswa chofupika kuposa mtunda wa pakati pa marola awiri apamwamba chisalowe m'makina. Kwa ine chilichonse chosakwana mamilimita 300 ndi cha puleni ya m'manja.

Makinawa akhale pa konkire yolingana, omangidwa ndi mabawuti, ndipo powasuntha zingwe zigwire thupi lawo, osati tebulo kapena mutu wa mipeni. Malamba akhale a muyeso umodzi, ogulidwa pamodzi, ndipo mukadina pakati ndi chala alowe pafupifupi sentimita imodzi. Penti ibwere pomaliza penipeni ngati mukuifuna, ndipo yakaleyo musaikweche youma, chifukwa penti za nthawi imeneyo zambiri zinali ndi mtovu.

Poyatsa koyamba, bwezeretsani zivundikiro zonse, zungulitsani mutu ndi dzanja kuti muone kuti mipeni sikukhudza chitsulo chilichonse, ndipo muime pambali, osati kutsogolo kwa polowera. Gundani swichi kamphindi kochepa kuti muone mbali imene mutu ukuzungulira: mipeni ya pansi iyenera kubwera molunjika kumene thabwa likuchokera, ndipo ngati ikupita kwina wa zamagetsi asinthanitse mawaya awiri mwa atatu aja. Alekeni makina alire opanda thabwa kwa mphindi 15, kenako muzimitse, muchotse mafyuzi, mugwire nyumba za mabering'i, zimene ziyenera kukhala zofunda koma zopirika m'manja, ndipo muyesenso mabawuti onse a mipeni. Kenako tengani timatabwa tiwiri topapatiza ta mtengo umodzi, totalika mita imodzi, mulowetse kamodzi kumanzere kwenikweni ndi kena kumanja kwenikweni osasintha tebulo, ndipo mutigoneke pamodzi pamalo osalala n'kuyendetsa chala pamene takumana. Chala chimamva kusiyana kumene diso siliona, ndipo ngati sichikumva kanthu, tebulo ndi mipeni zili bwino. Pomaliza lowetsani thabwa lalitali lotambalala mutalemba mizere ya pensulo pamwamba pake ponse, mukulinyamula pang'ono kunsonga yakunja pamene likulowa ndi pamene likutuluka kuti kulemera kwake kusakweze nsonga inayo. Mizere yonse ichoke pa ulendo umodzi, ndipo kukumbika kwa kunsonga kukhale kochepa moti sandipepa achotse. Kukatsala kunsonga yoyamba yokha, bwererani ku chitsulo chakutsogolo ndi rola ya m'tebulo ya polowera. Kukatsala kunsonga yomaliza, yezaninso chitsulo chakumbuyo ndi rola yotulutsa. Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mulembe muyeso umene mwaika pa kakhadi kopachikidwa pakhoma pafupi ndi makina, ndipo kachipika kaja mukasunge pouma, chifukwa mudzakafuna tsiku limene mipeni idzabwere konoledwa.